Lembani oyendera ntchito akunja, koma siginecha ikhale ya khonsolo

Achimwene, mwafunsa ngati n'kwanzeru kuti khonsolo yanu ilembe kampani yapadera yoyendera ntchito za misewu, ngalande ndi mapaipi a madzi, poti mainjiniya atsala awiri okha pomwe ntchito zili mbwee. Ine ndikuti ilembeni, ndipo musazengereze. Kontirakitala sadikira kuti khonsolo ipeze anthu. Akathira konkire lero, mawa palibenso amene angaone zomwe zili m'kati mwake.

Ndinaziona ndi maso anga pa ntchito ina ya mapaipi. Injiniya wathu anali ku ntchito ina tsiku limenelo, ndiye anyamata anangokwirira ngalande yonse mapaipi asanayesedwe ndi presha ya madzi. Pamwamba anathira phula lokongola kwambiri. Patatha miyezi ingapo panayamba kunyowa pakati pa msewu, kenako phula linatitimira, ndipo tinakumba msewu watsopano chifukwa cha jointi imodzi yomwe rabala yake inapindika poilowetsa. Munthu mmodzi akanaima pamenepo ola limodzi lokha, zonsezi sizikanachitika. Zimandiwawabe mpaka lero.

Choncho mu mgwirizano wanu lembani momveka nthawi zomwe kontirakitala saloledwa kupitiriza mpaka woyendera atafika ndi kusaina. Pa saiti timati ma hold point. Zitsulo zionedwe konkire isanathiridwe: kukula kwake, kutalikirana kwake, komanso ngati zasiya mpata wokwanira kuchokera ku matabwa othiramo konkire kuti zisadzachite dzimbiri. Konkire ikafika woyendera ayese slump, ndiye kuti aone ngati si yamadzimadzi kapena youma kwambiri, atenge makyubu a konkireyo okaphwanya ku labu pa masiku 7 ndi 28. Dothi litsenderedwe pang'onopang'ono, nthawi zambiri mamilimita 150 pa ulendo umodzi, ndipo liyesedwe asanathire lina pamwamba. Mapaipi ayesedwe ngalande ili yotsegula.

Koma nkhani yaikulu kwa ine ndi ya amene akulipira woyenderayo. Alipidwe ndi khonsolo basi. Asalandire mafuta, galimoto kapena chakudya mwamseri kuchokera kwa kontirakitala, chifukwa munthu sangakane ntchito ya yemwe akumudyetsa. Kampaniyo ilembe poyera ngati inagwirapo kapena ikugwira ntchito ndi kontirakitala yemweyo kwina. Ngakhale mu mgwirizano wa zomangamanga wa FIDIC, bungwe la mainjiniya la padziko lonse, uja amati Red Book, injiniya woyang'anira amasankhidwa ndi mwini ntchito, osati womanga.

Samalaninso ndi maina. Makampani ena popikisana amaonetsa mapepala a injiniya wa zaka makumi awiri pa ntchito, koma pa saiti pamabwera mnyamata wongotuluka kumene ku koleji yemwe amaopa kuuza foromani kuti aime. Lembani dzina la munthuyo mu mgwirizano, ndipo asasinthidwe popanda chilolezo chanu. Muwalipire potengera masiku omwe apezeka pa saiti ndi malipoti omwe apereka. Mukangowapatsa ndalama ya ntchito yonse pamodzi, muziwaona kamodzi pa sabata. Akhalenso ndi inshuwalansi yolipira zolakwika za ukatswiri wawo.

Mainjiniya anu awiriwo musawachotse pa nkhaniyi. Woyendera wakunja ayeze ntchito ndi kunena kuti yakwana, koma chilolezo cholipira kontirakitala, kapena chosintha pulani ndi kuonjezera ndalama, chisainidwe ndi munthu wa khonsolo yemwe wawerenga lipoti ndi kuona zithunzi. Mlatho ukagwa anthu sadzafunsa kampani ija, adzabwera pa khomo la khonsolo. Nthawi zina injiniya wanu azingotulukira pa saiti osanena, aone ngati zolembedwa m'buku la tsiku ndi tsiku zikufanana ndi zomwe zili pansi.

Bukulo, zithunzi zokhala ndi madeti, zotsatira za ku labu, ndi mapulani osonyeza pomwe paipi yadutsadi, zonse zikhale katundu wa khonsolo. Ngati muli ndi tekinishani wachinyamata, muikeni aziyenda ndi woyenderayo tsiku lililonse kuti luso litsale kampani ikapita. Ndipo mgwirizano wawo usathe tsiku lotsegulira msewu. Upitirire mpaka nthawi yokonza zolakwika, yomwe kawirikawiri imakhala miyezi 12, kuti mvula yoyamba ikagwa abwerenso adzaone ngalande zija kontirakitala asanalandire ndalama zake zomwe munasunga.