Kodi mtsikana wodumpha zulu ndi njinga aletsedwe?

Mayi ena a ku Area 25 anditumizira imelo. Akuti mwana wawo wamkazi wa zaka 12 akangoweruka kusukulu amatenga kanjinga ka mchimwene wake n'kukadumpha pazulu kuseri kwa nyumba, ndipo anansi ayamba kunena kuti akumulera ngati mnyamata. Akufunsa ngati masewerawa ali ndi tsogolo kwa mtsikana, kapena amuletse asanathyoke mwendo.

Mayi, musamuletse. Ndikuuzeni za Anne-Caroline Chausson.

Anabadwira ku Dijon m'dziko la France mu 1977, ndipo anayamba ali wamng'ono pa BMX, kanjinga ka matayala a mainchesi 20, kosasintha magiya. Pampikisano wa BMX okwera asanu ndi atatu amaliyatsa limodzi kuchokera pachitunda, n'kuthamanga mamita pakati pa 300 ndi 400 panjira yodzaza timitunda ndi makona. Zonse zimatha mphindi imodzi isanakwane. Mwana wokulira pamenepo amadziwa kudumpha, kutera bwino, kupendeka pakona, ndiponso kusachita mantha anzake akamupanikiza uku ndi uku.

Luso lomwelo ndi limene Chausson anapita nalo kumapiri mu 1993, pampikisano wa downhill. Uku wokwera amatsetsereka phiri yekhayekha, pamiyala ndi pamizu ya mitengo, ndipo wotenga nthawi yochepa ndiye wapambana. Chaka chomwecho, asanakwanitse zaka 16, anakhala katswiri wa dziko lonse m'gulu la achinyamata, n'kubwereza mu 1994 ndi 1995. Atalowa m'gulu la akuluakulu sanapatse wina mpata kuyambira 1996 mpaka 2003, zaka 8 zotsatizana, ndipo mu 2005 anapambananso.

Koma chimene ine chimandifika pamtima ndi ichi. BMX italowa koyamba m'masewera a Olimpiki a ku Beijing mu 2008, iye anabwerera pakanjinga ka paubwana wake, ali ndi zaka 30. Maso a ambiri anali pa Shanaze Reade wa ku Britain, mtsikana wa zaka 19. Pakona yomaliza Reade anayesa kumudutsa, nagwa. Chausson anatenga mendulo ya golide, mnzake wa ku France, Laëtitia Le Corguillé, n'kutenga ya siliva. Zimene thupi linaphunzira pamsinkhu wa mwana wanuyu zinali zikadalimo.

Musaganize kuti ndi za Azungu okha. Sifiso Nhlapo wa ku South Africa anafika mundime yomaliza ya BMX ku Beijing komweko, ndipo Greg Minnaar wa mumzinda wa Pietermaritzburg m'dziko lomwelo wakhala katswiri wa downhill wa dziko lonse mu 2003, 2012, 2013 ndi 2021.

Sindikulonjezani ndalama. Kuno tinazolowera kuona njinga ikuchita kabaza kapena itasenza matumba a makala, ndipo njinga yeniyeni ya downhill ndi yodula zedi. Komabe panopa mwanayo sakufunika imeneyo ayi. Akufunika helimeti yomukwana, yomanga pachibwano, ndipo imeneyi musanyengerere. Avale nsapato zotseka, osati mapatapata, chifukwa phazi likaterereka ali m'malere ndiye ngoziyo. Kanjingako mupite nako kwa wokonza njinga aone mabuleki, tcheni, masipoko ndi mabawuti a chiwongolero, atsitsenso chishalo kuti chisamamugunde potera. Azisewera kutali ndi msewu wa maminibasi, ayambire patimitunda tating'ono, ndipo pazikhala wina womuyang'ana.

Kugwa adzagwa ndithu, ndipo mabala a m'mawondo asakudetseni nkhawa. Koma akamenyetsa mutu pansi n'kumasanza, kuchita chizungulire kapena kuiwala zimene zachitika, muthamange naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo helimeti imene yamenyetsekayo asaivalenso.