Zogwirira nthenga pomanga nyambo pa mbedza

Achimwene, mwafunsa chogwirira nthenga za tambala kuti zisamapulumuke pozikulunga pa mbedza. Vuto limayambira pa mbedzayo. Ikamagwedera, palibe chingakhazikike, ndiye yambani mwapeza kavayisi kakang'ono koimangira pathebulo, manja onse awiri akhale omasuka.

Chogwirira nthengacho amachitcha hackle pliers, kopanira ka waya komwe kamaluma nsonga ya nthenga inu n'kumazunguliza. Kuno ku Nkhotakota n'kosowa, koma kopanira kokhala ndi mano ka amagetsi aja kamagwira bwino ntchitoyi. Ingovekani milomo yake timachubu ta valavu ya njinga, chifukwa mano osaphimba amadula nthenga, makamaka za nkhanga zomwe n'zofewa. Pegi yoyanikira zovala ine sindiikonda, imalemera ndipo nthenga imathyokera patsinde.

Ulusi uikeni pa bobini yopachikika. Kulemera kwake kumaukoka, mfundo siimasuka ngakhale mutachotsa dzanja.

Nthawi ya mwera mangirani m'nyumba, nthenga zimauluka. Zitsulozi muzizipukuta zikanyowa, sizichedwa kuchita dzimbiri. Ngati cholinga ndi mpasa za mu mtsinje wa Bua, yambani mwafunsa za chilolezo kwa oyang'anira nkhalango ya Nkhotakota.