Machira a nsomba, yankho kwa achimwene aja a imelo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena, akuti akufuna kudzipangira okha machira ogwirira nsomba zikuluzikulu, aja pa Chingerezi amati cradle, poti ukonde wawo ukuvulaza nsomba zomwe amafuna kuzibwezera m'madzi. Funso lake ndi lalifupi koma landikumbutsa zowawa.

Achimwene, ine ndinaphapo nsomba yomwe sindimafuna kupha. Inali pike, nsomba ya mano akuthwa ya kumaiko ozizira, kutalika kupitirira mita, mpaka lero sindinakolenso ina yoposa imeneyo. Tinali awiri m'boti ndi mnzanga, ukonde wathu unali uja wa nayiloni wa mfundo zokhazokha, komanso waung'ono, moti nsomba inalowamo chopindika. Itangomva kuti yachoka m'madzi inayamba kudzigubuduza, mbedza za mano atatu zija kukola paliponse, ina kukamwa ina mu ulusi wa ukonde, zonse pirimpiti. Ife kalikiliki ndi pulayazi, nsomba ili thapsa pansi pa boti potentha, mnzanga akukuwa kuti dula mbedzazo, ine ndikukakamira kuti nyambo yanga isawonongeke. Tangoganizani, nyambo yapulasitiki! Pomwe timamaliza chipsepse cha kumchira chinali chitang'ambika, m'manja mwanga muli zoterera zokhazokha. Kuyibwezera m'madzi inangogona chagada, mimba yoyera m'mwamba. Ndinayigwira kumchira nthawi yayitali ndikuyiimika kuti mwina ipume, koma ayi ndithu. Pobwerera palibe analankhula.

Zoterera zija ambiri amaziona ngati litsiro, amapukutira pa thalauza nkumaseka. Ndi zomwe zimateteza khungu la nsomba ku mabakiteriya ndi nguwi zija zoyera zimamera pa bala. Ukazipala ndi ukonde wa mfundo kapena manja ouma, nsomba itha kusambira bwinobwino pamaso pako nkukafera kwina patapita masiku, iwe uli kunyumba kudzitama kuti unayibweza yamoyo.

Ndiye pali anzathu a zithunzi awa. Mukalowa pa Facebook mupeza munthu wanyamula chinsomba cha makilo 10 pogwira chibwano chokha, thupi lonse lili lendee, iye mano onse pamtunda. Nsomba imeneyo moyo wake wonse amayinyamula ndi madzi, sinayambe yasenzapo kulemera kwake, ndiye ukayipachika choncho msana umakokeka, zam'mimba zimatsikira pansi. Kale ndimati aliyense ndi nzeru zake, pano ayi, ngati ukufuna chithunzi dzanja lina likhale pansi pa mimba, nsomba igone chopingasa, apo ayi usajambule. Ndinayambanapo ndi munthu pa nkhani imeneyi ndipo sindinapepese.

Koma ndisakunamizeni kuti machira ndi mankhwala a zonse. Amafuna anthu awiri, wina wagwira ndodo ya mbedza wina wawerama ndi machira, ndipo woweramayo manja ake ali pafupi zedi ndi mbedza komanso mano. Chinanso, kuti nsomba ivomere kulowa bwino pakati pa mitengo iwiri imafunika itatopa, ndipo kuyitopetsa kwambiri nakonso ndi kupha, makamaka madzi akatentha poti mpweya umachepa m'madzimo. Nchifukwa chake asodzi ambiri a muskie, nsomba ya mtundu wa pike koma yokulirapo, ku Wisconsin ndi Minnesota ku America komanso ku Ontario ku Canada, komwe nsomba ya masentimita 127 ndiyo aliyense amayilota, anasamukira ku maukonde akuluakulu okutidwa ndi labala. Ngati mumawedza nokha, achimwene, iwalani za machira. Ine anga ndimawasiya mnzanga akapanda kubwera.

Kapangidwe kake

Pezani mitengo iwiri yowongoka, iliyonse pafupifupi mita imodzi ndi theka, kapena mapaipi a PVC olimba. Mapaipiwo muwatseke kumapeto konse kuti aziyandama, a ine oyamba anali achitsulo ndipo ali pansi pa nyanja mpaka lero. Pakati pake pakhale ukonde wofewa wopanda mfundo, wa timabowo ting'onoting'ono kuti zipsepse zisamalowe, ukapezeka wokutidwa ndi labala ndiye bwino chifukwa mbedza sizikola kwambiri. Mulifupi mwake mukhale pafupifupi mita kuti ukapindika pakati pakhale ngati ngalande yakuya ndithu. Pindani mbali ziwiri zazitali nkusoka kawiri ndi ulusi wa nayiloni, mitengo ilowe mmenemo. Kumutu sokani kutseke, kumchira kukhale kotsegula, ndipo siyani kamtengo pang'ono kunja kogwira. Pa mtengo umodzi lembani masentimita ndi cholembera chosafufutika, muziyeza nsomba ili m'madzi momwemo.

Pogwiritsa ntchito miza machira kaye, mnzako akokere nsomba mutu patsogolo, ikalowa phatikiza mitengo iwiri ija pamwamba basi. Osakweza. Mbedza chotsa ili m'madzi, osapisa zala mopumira mwake, ndipo mbedza ikavuta dula, pulayazi yodulira waya izikhala mthumba osati pansi pa katundu. Pomaliza tsegula mitengo, gwira kumchira ikhale msana m'mwamba mimba pansi mpaka itakukankha yokha.

Mukamaliza muziwayanika aume musanapite nawo ku nyanja ina, tizilombo ndi zomera zimasamuka choncho. Komanso ndinayiwalapo anga onyowa m'galimoto masiku atatu, fungo lake akazi anga amalikambabe.