Penti yotuwa pa McLaren ya Senna

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake penti yofiira pa kagalimoto kanu kachidole ka kampani ya Tamiya, McLaren MP4/4 yochepetsedwa ka 20 (1/20), ikumauma yotuwa. Vuto ndi chinyezi cha kunyanja kuno. Inenso ndinapopera m'mamawa mu Febuluwale ku Senga Bay, kagalimoto konse kanachita mbuu.

Dikirani dzuwa likwere, tsiku loti mwera wadekha, fumbi lingamatirepo. Yambani ndi yoyera, iume masiku awiri. Kenako matani tepi m'malire, yofiirayo muipopere mopyapyala katatu, osathira yambiri kamodzi.

Nambala 12 yomata pa kagalimotoko muisamale, ndi imene dalaivala Ayrton Senna anatengera ukatswiri wa dziko lonse lapansi pa mpikisano wa magalimoto wa Formula One mu 1988. Kapepala kake kaviikeni pang'ono m'madzi ofunda, katereke kokha. Mukakakoka kang'ambika.