Mwana wosamva, sukulu yamishoni ndi mantha athu Asilamu

Asalamu alaikum nonse. Mchemwali wina wa ku Mangochi wandilembera imelo. Mwana wake wamkazi wa zaka 8 samva bwino, wabwereza Sitandade 1, ndipo aphunzitsi ati akufunika thandizo lapadera. Bambo ake akukana, ati masukulu a ana osamva ndi amishoni, mwana akabwerako atasiya swala. Ndiye akufunsa kuti apemphe bwanji thandizo osataya dini ya mwana.

Achemwali, imelo yanuyi yandikwiyitsa, koma sindinakwiyire inu ayi.

Mwana wa mng'ono wanga anadwala malungo aakulu ali wamng'ono. Anachira, koma makutu anatsala ofooka, ndipo palibe anazindikira msanga. Ku madrasa ankakhala kumbuyo. Anzake akamakuwa alif, ba, ta, iye ankangoyang'ana milomo yawo n'kumatsegula pakamwa motsanzira, mawu osatuluka. Mwalimu ankati ndi mwano. Tsiku lina ndikumusambitsa ndinapeza mikwingwirima ya ndodo kuseri kwa miyendo, ina yatsopano pamwamba pa yakale. Ndinamufunsa, sanayankhe, chifukwa ndinali kumbuyo kwake ndipo sanandimve n'komwe. Agogo ake anati ndi majini, anapita naye kwa ashehe kukamuwerengera dua. Dua sindiinyoza, wochiritsa ndi Allah. Koma pomwe banja linkakangana za majini, mwanayo ankakula, ndipo zaka zomwe mwana amagwira msanga chilankhulo zinkapita.

Tsono ndinene zomwe ena sakondwera nazo. Timadandaula kuti masukulu amenewa ndi amishoni, inde ndi zoona. Mary View ku Nguludi ndi Mua ku Dedza ndi a Katolika, Embangweni ku Mzimba ndi ya CCAP. Ngakhale koleji ya Montfort ku Nguludi komweko, yomwe imaphunzitsa aphunzitsi a ana osamva, osaona ndi ovutika kuphunzira, inayambitsidwa ndi mabulaza a Katolika. Nanga ife tinali kuti? Misikiti timamanga ya matailosi mpaka kosambira, koma pitani ku madrasa ya kwanuko mukafunse ngati pali mwalimu wodziwa chilankhulo cha manja. Pa khutuba ya Lachisanu, wosamva amangokhala, kudikira kuti anthu aimirire nayenso aimirire. Chonsecho tili ndi Surat Abasa, pomwe Allah anadzudzula Mtumiki (SAW) chifukwa chochita tsinya atabwera munthu wosaona, Abdullah ibn Umm Maktum, kudzafuna kuphunzira. Ana athu amailoweza surayi, ena akumenyedwa poiloweza. Kwa ine, bambo wosunga mwana wosamva pakhomo poopa mishoni sakuteteza dini. Mwana wopanda chilankhulo chilichonse mungamuuze bwanji kuti Allah ndi mmodzi?

Komatu mantha a amuna anu sanangochokera m'mutu. Tonse tikukumbukira mkangano wa hijab ku Balaka mu 2019, anthu mpaka kuvulazana, makalasi kutsekedwa. Zinatengera Public Affairs Committee, bungwe la atsogoleri a zipembedzo zosiyanasiyana, kukhalira pakati, mpaka mu 2021 atsogoleri a mbali zonse anasaina mgwirizano wolola atsikana achisilamu kuvala hijab m'masukulu amishoni othandizidwa ndi boma. Ndimadabwa kuti makolo ambiri saudziwa mgwirizanowu, amangolowa mu ofesi ya ahedi ngati akukapempha ngongole. Nkhani ya ndiwo nayonso si yaing'ono. Mwana wogonera kusukulu, woti satha kufunsa kuti nyamayi ndi yanji, mayi wake ayenera kuda nkhawa ndithu. Izi n'zofunika kukambirana maso ndi maso, osati kuzinong'ona pamaliro.

Poyambira

Yambani ndi kuchipatala. Pemphani kalata yokutumizani komwe amayeza makutu, ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuli kiliniki yake, ndipo zotsatira zilembedwe m'buku lake la kuchipatala. Mwina mwana wanu akungofunika kachipangizo kothandiza kumva ndi kukhala kutsogolo m'kalasi. Bukulo mupite nalo kwa ahedi, kenako kwa a PEA (mlangizi wa masukulu a pulayimale) ku TDC, likulu la aphunzitsi la zoni yanu, ndipo zikavuta ku ofesi ya DEM (mkulu wa zamaphunziro m'boma lanu) mufunse woyang'anira maphunziro a ana aulumali. Funsani ngati pafupi pali sukulu ya boma yokhala ndi resource centre, chipinda chothandizira ana ofunika thandizo lapadera, chifukwa si mwana aliyense amafunika kukagonera kutali. Lamulo la anthu aulumali linaletsa kale kukaniza mwana sukulu chifukwa cha ulumali, ndiye musalankhule mopepesa.

Sukuluyo ikakhala yogonera, mupite ndi bambo akewo akaone okha. Afunse za ndiwo, za malo oswalira, za hijab ndi za Ramadani, ndipo zomwe mwagwirizana zilembedwe papepala, ahedi asaine. Chilankhulo cha manja muphunzire nonse m'nyumbamo, bambo akenso, kuti patchuthi wudhu ndi swala mumuphunzitse nokha.