Peugeot ya atate anu musaipente kaye, mverani ine amene ndinapha yathu

Email iyi yakhala mu foni mwanga masabata awiri, ndimaitsegula, ndikuwerenga, ndikutsekanso. M'bale wathu wina wa ku Chilenje walemba kuti atate ake anamwalira nkusiya Peugeot 504, yakhala pa miyala kuseli kwa nyumba zaka 9, nkhuku zikuikira mazira pampando wakumbuyo, ndipo madamu akuti itanani anyamata a sikirapu tipezeko malo oyanika zovala. Akufunsa kuti aikonze kapena aitaye, ndipo ngati nkukonza idya ndalama zingati.

Achimwene, zaka zanu sindikuzidziwa koma ndikutchulani choncho. Ndachedwa kuyankha chifukwa mwandiponda pachilonda. Ifenso kwathu inalipo 504, ndipo amene anaipha ndine ndemwe, ndi ndalama zanga, ndikumadziona ngati mwana wabwino.

Yathu inali ija yaitali ya mizere itatu ya mipando, yoyera, atate anaigula yogwirapo kale ntchito ine ndili ku pulayimale. Disembala aliyense tinkanyamuka ku Kabwata ma 04 kupita kumudzi ku Katete, ana asanu, amai, matumba a shuga ndi sopo, kabudula aliyense watsopano. Pa Luangwa Bridge tinkaima kugula nsomba zouma ndipo fungo lake linkakhala m'motoka mpaka Febuluwale. Koma chimene sindiiwala ndi mapiri a Manenekera. Tikangoyamba kukwera atate ankazimitsa wailesi, nkunena kuti aliyense atseke pakamwa ndimve injini, ndiye tonse zii, maso awo pa kasingano ka temperecha, chigubu cha madzi chili pakati pa miyendo ya amai. Pobwera munkakhala nshawa, maungu, nkhuku zomanga miyendo, chaka china mpaka mbuzi, motoka kumbuyo itakhala pansi ngati ikugwada koma inkafika.

Loweruka m'mawa unali mwambo wotsegula boneti. Ine ntchito yanga inali kugwira tochi ndi kukalipiridwa, unika apa iwe osati kumaso kwanga. Feeler gauge yawo, kachitsulo koyezera mpata, inasowa kalekale, ndiye mpata wa mapointi mu distibyuta ankayeza ndi kakatoni ka bokosi la machesi, kenako nkupukuta mapointiwo ndi mbali ija yokhulira machesi. Ndakula ndadzawerenga kuti mpatawo umafunika kukhala cha pa 0.4 mm, ndinatenga kakatoni ka machesi kuyeza, ndinangoseka ndekha, mdala uja sankalota.

Atate anamwalira mu 2008. Za pamaliro ndisalowemo kwambiri chifukwa ndingalembe mpaka mawa, mukudziwa kale mmene zimakhalira, anthu akulira ndi diso limodzi lina likuwerenga mipando. Lamulo lilipo kuyambira 1989 loti munthu akafa opanda wilo ana atenge 50 peresenti, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, odalira malemuyo 10, koma kauzeni zimenezo achibale amene abwera ndi lole kuchokera kumudzi. Firiji inapita, masuti anapita, ngakhale wailesi. Motoka anaiyesa, anaikankha anthu asanu ndi mmodzi mpaka pa geti, inakana kulira. Anaisiya pomwepo akutukwana. Amai mpaka lero amati atate ako anaikaniza okha kkkk.

Inakhala zaka zitatu. Mu 2011 ndinapeza ka loni kuntchito, nthawi ija ma zero atatu asanachotsedwe pa kwacha mu 2013, tonse tinali mamiliyoneya, ndiye mutu unakula. Ndinati motoka ya atate iwale ngati yatuluka kumene m'shopu. Ndinayamba ndi penti. Eee, penti. Injini sindinaimve ikulira bwinobwino, mabuleki sindinawaone, koma ndinalipira penti ndi mipando yatsopano chifukwa ndinkafuna anthu a pa mseu wathu aone. Itatuluka kopentedwa inayenda masiku anayi nkuyamba kuwira. Mnyamata wina amene ndinamupeza kudzera kwa mnzanga anati ndi gasiketi chabe bwana, anachotsa hedi, chivundikiro chija cha pamwamba pa injini, kenako anazungulitsa injini hedi ili pansi kuti aone mapisitoni. Ine ndaima pambali ndikugwedeza mutu ngati ndikudziwa.

Apa mvetserani chifukwa yanunso ndi yomweyo. Injini ya petulo ya 504 ili ndi ma liner, timigolo tachitsulo tochita kulowetsa mu buloko momwe pisitoni imayendamo, ndipo madzi amazungulira kunja kwake. Chimene chimawapanikiza kuti akhale pansi ndi hedi. Ukachotsa hedi nkuzungulitsa injini osawamanga kaye ndi mabawuti ndi mawashala, amanyamuka pang'ono, ma seal apansi amasiya kugwira, madzi nkuyamba kutsikira mu oilo. Anabwezera zonse, gasiketi yatsopano, tinaliza, patatha sabata ndikusolola dipstick oilo ali ngati tiyi wamkaka.

Ndiye ndinaikokera ku galaja ina, dzina sinditchula, yadi yaikulu yodzaza ndi mamotoka akufa, zimene zinayenera kundichenjeza koma ayi. Anati tipatseni mwezi. Inagona kumeneko mvula ziwiri. Ulendo uliwonse ndikapita ndimapeza china chachoka. Kabureta ili kuti? Tabwereka kasitoma wina ali ndi maliro, ibwera mawa. Alternator? Ili kokonzedwa. Kenako magetsi akutsogolo, kenako rediyeta, kenako mipando yanga yatsopano ija ndinaipeza ili pansi pa mtengo wa mango amakanika akhalapo akudya nsima. Tsiku limenelo sindinakalipe nkomwe, ndinangowapatsa moni nkubwerera. Mapeto ake chigoba chinakwera pa sikelo ya anthu a sikirapu, kugulidwa pa kilo ngati kapenta, penti ikadali kuwala. Ndinatsala ndi kiyi ndi kamkango kaja ka kutsogolo, chizindikiro cha Peugeot, kali mu dilowa. Amai anandifunsa kamodzi kokha kuti motoka ya atate ako ili pati, ndinayankha zozungulira, sanafunsenso, ndipo kusafunsako kumandiwawa kuposa akanandilalatira.

Manje mukandifunsa maganizo anga, motoka yakale sipita ku galaja kukagona. Ayi. Poyamba ndinkati zimatengera galaja yake, pano ndasiya kunena zimenezo, ngakhale galaja ya m'bale wanu wa bere limodzi. Motoka yoima pa yadi ya eni imasanduka shopu ya masipeya, ndipo sikuti onse ndi akuba, kungoti kasitoma amene wabwera ndi ndalama m'manja lero amaposa inu amene mumabwera pakutha pa mwezi. Makanika abwere kunyumba kwanu, agwire ntchito inu mukuona, mumuphikire nsima, madzulo azipita chitsulo chilichonse chitsale.

Komanso makanika wake asakhale aliyense. Anyamata a masiku ano anakulira pa ma Corolla ndi ma Vitz obwera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam ndi Nakonde, amadziwa kusomeka kamakina pansi pa chiwongolero nkuwerenga code, ndipo pa zimenezo ndi akatswiri sindikuwanyoza. Koma muwaonetse kabureta, ayamba kufunafuna posomeka kompyuta. Akalephera yankho lawo ndi limodzi, bwana tichotse injini iyi tiikemo ya Toyota. Kale ndinkati aliyense ndi motoka yake achite zimene afuna. Pano ndikamva zimenezo magazi amandiwira. Ngati mukufuna Toyota kagulani Toyota, zadzaza pa Great North Road mpaka pa mphambano iliyonse, musadule 504 ya mdala wanu kuti muikemo mtima wa eni.

Ndipo anthu amaiona ngati chidala chachabechabe chifukwa sadziwa mbiri yake. 504 inatuluka mu 1968, chaka chotsatira inasankhidwa kukhala motoka yopambana ku Europe, mu 1975 inawina Safari Rally ku Kenya pa misewu yoipa kuposa ya ku Kanyama nthawi ya mvula. Ku France atasiya kuipanga, ku Kenya anapitiriza mpaka 2004, ku Nigeria mpaka 2006, nchifukwa chake masipeya ake sanatheretu pa dziko, mapointi, ma gasiketi, zida za mabuleki zimapezeka ukafufuza modekha. Ana anga samakhulupirira ndikawauza kuti kuno kwathu komwe ku Livingstone kunali fakitale yolumikiza mamotoka, ma Fiat ankatuluka kumeneko m'zaka za m'ma 1970. Amandiyang'ana ngati ndikuwauza nthano za kalulu.

Pano ndili ndi Datsun 120Y, ndinaigula mu 2016 kwa aphunzitsi ena opuma ntchito ku Kafue. Ndi yonyansa, chitseko chimodzi mtundu wina, ana a pa mseu amaikuwiza, koma mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Ndinasankha iyo dala chifukwa injini yake ya A12 ndi yapachibale ndi ya vaneti ija ya Nissan 1400 imene ku South Africa anapanga mpaka 2008, ndiye zinthu zambiri sizivuta. Amene amandithandiza ndi mdala wina wa ku Matero, tsitsi lonse mbuu, amabwera pa minibasi ndi kachikwama ka masipanala. Amatenga screwdriver yaitali, nsonga pa injini chogwirira pa khutu, maso atatseka, nkunena kuti valavu yachitatu ikulankhula. Tsiku loyamba anandilanda sipanala nkundibwezeranso, ati gwira wekha, ine ndikafa udzaitana ndani. Ndi iyeyo anandionetsa za madzi. Anandiuza kuti kayang'ane mkati mwa ketulo ya madamu, ndinapeza zoyera zija zokakamira, ati madzi a mu Lusaka ndi a miyala ya laimu, zimene waona mu ketulo ndi zimene zili mu rediyeta yako. Kuyambira pamenepo ndimathira coolant, madzi a pa mpopi ayi. Mwina 504 yathu inkawira chifukwa cha zomwezo, rediyeta yongofunika kutsukidwa, ine nkukaipha ndi opaleshoni. Ndikaganiza zimenezi tulo timatha.

Za madamu anu, musawaone ngati mdani. Akunena zoona, chinthu chakhala zaka 9 chikusunga makoswe. Anga anandipatsa lamulo loti ndalama ya Datsun ituluke pambuyo pa lendi, sukulu fizi ndi thumba la unga, ndipo mwezi umene palibe ndiye kuti palibe. Walira mvula walira matope achimwene, Loweruka lanu lambiri lithera pansi pa motoka, zikhadabo zakuda ku tchalitchi, ndipo tsiku lina idzakuzimirani pa Kafue roundabout ma 17 ma minibasi akukuimbirani mahutala. Ngati zimenezo mukuona kuti simungapirire palibe manyazi.

Manje zoti muchite

Yambani ndi mapepala. White book, pepala la umwini wa motoka, ili kuti, ili m'dzina la ndani, administrator wa chuma cha malemu ndani, abale anu avomera? Mukafunse ku RTSA, ofesi ya boma yolembetsa mamotoka, za kusintha dzina musanagule ngakhale bawuti imodzi, chifukwa motoka ikadzawala eni ake adzachuluka. Kenako lowani pansi ndi tochi ndi screwdriver, bayani pansi pa mapazi, m'mbali pansi pa zitseko, moikamo jeke, ndi pamwamba pomwe ma shock akutsogolo amangiridwa mkati mwa boneti. Screwdriver ikamalowa ngati mu buledi malo onsewo, imani pomwepo. Ngati chitsulo chili bwino chotsani mapulagi, thirani ka oilo pang'ono mu bowo lililonse, dikirani masiku angapo, muyese kuzungulitsa injini ndi sipanala pa pulley, ndi manja, osati ndi kiyi. Batire musalumikize musanayang'ane mawaya amene makoswe adya, motoka zimapsa choncho. Petulo wakale mu thanki atayidwe yense, oilo ndi fyuluta zatsopano, mapaipi a rabara ndi fan belt zatsopano, rediyeta ikatsukidwe. Ikalira musathamangire pa mseu, mabuleki kaye, marabara ake onse ndi brake fluid, ndipo matayala ngakhale akuoneka ndi mano onani manambala anayi a pambali, awiri oyamba ndi sabata awiri omaliza ndi chaka chimene anapangidwa, a zaka zoposa 9 amenewo ndi oyenera kubzalamo maluwa. Chilichonse chimene mwamasula chijambuleni pa foni nkuchiika mu kapulasitiki kolembedwa. Hedi isachotsedwe pokhapokha pali munthu amene akudziwa za ma liner. Penti ndi yomaliza, mwina chaka chamawa, mwina osapenta nkomwe.

Mtengo sindikupatsani nambala, aliyense amene angakuuzeni nambala asanagone pansi pa motokayo akukunamizani, komanso masipeya amayenda ndi dola. Ngati mupeza kuti pansi padyeka ndipo injini yagwira osazungulira, musaitanebe a sikirapu, fufuzani munthu amene ali ndi 504 ina, magalasi, magetsi, giyabokosi ndi zitseko zanu zikapatsa moyo ina. Kamkango kokha chotsani musunge.

Nditumizireni zithunzi za pansi ndi za mkati mwa boneti, osati za kunja, za kunja sizindiuza kanthu. Ndipo mundiuze ngati pulley yazungulira. Ikazungulira ndimuuza mdala wa ku Matero, Loweruka lina tidzabwere pa Datsun, sipanala ya mapulagi tili nayo, inu mungokonza nkhuku imodzi mwa zija zikugona pampando wakumbuyo.