Kodi ufa wa silika ungachotse utoto m'madzi onyikira nsalu?

Mayi ena a ku Mchengautuwa mu mzinda wa Mzuzu, amene amanyika nsalu za tie and dye, anditumizira imelo. Akuti madzi otsala amawathira m'ngalande, aneba ayamba kudandaula, ndipo mwana wa achemwali awo wawauza kuti kuli ufa wa silika umene umagwira utoto. Akufunsa ngati n'zoona, komanso ngati angaupange okha.

N'zoona, mayi, koma osati pa utoto uliwonse.

Silika ndi chinthu chimene chimapezeka mu mchenga ndi m'galasi. Akatswiri amaiumba kukhala timibulu tosaoneka ndi maso, todzaza ndi timabowo. Mtundu wotchuka, MCM-41, anaulengeza ofufuza a kampani ya Mobil ku America mu 1992. Makoma a timabowo ta galamu imodzi yokha, mutati muwayale pansi, angakwane masikweya mita pafupifupi 1,000. Magalamu 7 ndiye kuti bwalo losewerera mpira ngati la pa Mzuzu Stadium lakutidwa lonse. Utoto umakakamira pa makomawo, ufa uja n'kuusefa, madzi n'kutsala oyera.

Pamene pagona nkhani ndi apa. Silika ikakhala m'madzi, kunja kwake kumakhala ndi mphamvu yamagetsi ya negative, choncho imakoka utoto wa positive monga methylene blue, umene ofufuza amaukonda poyesa (n'chifukwa chake zotsatira zawo zimaoneka zokongola chonchi). Koma utoto wa reactive, wonyikira nsalu za thonje, nawonso ndi wa negative, ndiye ziwirizi zimakankhana. Kuti silika iugwire, amayamba aiveka mankhwala a amine m'labotale. Vuto lina ndi soda amene mumathira ponyika: amakweza pH ya madzi (muyeso wa mphamvu ya asidi kapena soda m'madzi), ndipo pH ikafika cha m'ma 10 silika imayamba kusungunuka. Tayang'anani kaye zolembedwa pa paketi ya utoto wanu kuti mudziwe mtundu wake musanawononge ndalama.

Zopanga nokha MCM-41 iwalani. Chimene mungachipeze ndi mankhusu a mpunga, ngati amene amaunjikana pa zigayo ku Karonga. Phulusa lake, likapsa bwino mpaka kuyera, pafupifupi magawo 90 pa 100 alionse ndi silika, ngakhale timabowo take n'tochepa kwambiri poyerekeza ndi ufa wa m'labotale. Moto usapitirire madigiri 700. Ukakula kwambiri silika imauma n'kukhala mtundu umene fumbi lake limawononga mapapo. Valani chotchinga kukamwa ndi mphuno posefa.

Yesani pang'ono kaye. Dzazani madzi a utoto m'mabotolo atatu oonekera mkati. Loyamba thirani supuni ziwiri za phulusa, lachiwiri makala osinja, lachitatu lisiyeni chomwecho. Khutchumulani, agone usiku, m'mawa muwaimike kutsogolo kwa pepala loyera. Ine ndikuganiza kuti pa utoto wa reactive makala ndi amene achite bwinoko.

Utoto uja sunafe, wangosamukira mu ufa. Matopewo mukawataya m'ngalande, mvula ya kuno idzawakokolola mpaka ku mtsinje wa Lunyangwa. Aumitseni, muwamange m'thumba, akatayidwe kutali ndi zitsime. Madzi oyerawo si akumwa kapena kuthirira ndiwo, chifukwa mchere ndi soda zikadali momwemo. Agwiritseni ntchito potsukuluza koyamba nsalu zimene mwangonyika kumene.